Khadi la Mkamwini wa a Haskins

Sitolo yathu ya mawaya imatsegulidwa sikisi koloko m'mawa, ndipo dzuwa lisanatuluke bwino amisiri a magetsi a m'tauni muno amakhala atadzaza kale pakauntala, aliyense kapu ya khofi kumanja, akunamizana za ntchito zimene agwira ndi zimene sadzagwira n'komwe. Khofiyo ndi waulere, n'chifukwa chake ngakhale munthu wodzagula kaswichi kamodzi amatha ola lathunthu ali chiimire. Ine ndakhala kuseri kwa kauntala imeneyi zaka zoposa makumi awiri, ndaona ena akukwera, ena akutsika, ndipo zambiri ndinaiwala. Koma za Wendell Tackett zimandiwawa mpaka lero. Munthu uja sanali waulesi, sanali chidakwa, ndipo m'tauni muno munalibe wina wa manja aluso ngati iye.

Wendell anali ndi zaka 36 pamene fakitale ya mipando inatsekedwa. Mkazi wake Rhonda ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo malipiro ake ankangokwana lendi ndi chakudya cha iwo awiri ndi mwana wawo wamkazi, Junie. Atakhala miyezi isanu manja lende, Wendell anakalembetsa maphunziro a zamagetsi kukoleji yathu ya m'dera, kosi ya chaka ndi theka. Kapepala kokopa anthu ka kolejiyo kanali ndi chithunzi cha bambo wina womwetulira atanyamula pulayazi, ndipo pansi pake analemba kuti mmisiri wa magetsi amapha madola 60,000 pachaka. Wendell anakamata pachitseko cha fuliji. Ngongole ya sukulu imene anatenga ku boma inakwana madola 16,000, chifukwa inalipira fizi, zida, mafuta a galimoto, ndi lendi ya miyezi ina imene zinthu zinathina.

Chimene kapepalako sikananene mokweza, anawauza ndi mphunzitsi wawo, a Ostrander, nkhalamba ya zala zisanu ndi zinayi imene inakalambira pamakwerero. Tsiku lotsanzikana anawafotokozera kuti satifiketi si laisensi, ndipo ndalama zapachithunzi zija amadya ndi wa laisensi. Kuti munthu aloledwe kulemba mayeso a laisensi, ayenera kugwira maola 8,000 pansi pa mmisiri wamkulu, zimene zimatenga zaka zinayi kapena kuposerapo. Ayenera kulembetsa ku boma ngati wophunzira ntchito, kulandira khadi la dzina lake, ndipo miyezi itatu iliyonse bwana wake azisaina fomu ya maola amene wagwira.

"Ola losasainidwa silinagwiridwe," anatero a Ostrander. "Ngakhale mutatuluka thukuta la magazi, boma silinunkhiza thukuta, limawerenga mapepala."

Wendell ndiye anakhoza bwino kuposa onse m'kalasimo, choncho mwayi wa ntchito unamupeza pawiri. Kampani ina yaikulu ya kumzinda, mtunda wa ola limodzi ndi theka pagalimoto, inkalemba ophunzira pa madola 16 paola, msonkho n'kudulidwa pomwepo, koma khadi ndi mafomu zili m'malo mwake. Mnzake wa m'kalasi, Marisol Quintana, anapita kumeneko. Mwayi winawo unali wa pakhomo pomwe. A Burl Haskins, amene anali ndi kakampani kawo ka magetsi m'tauni muno, anamuitanira pambali m'sitolo mwathu n'kumunong'oneza kuti azimupatsa madola 24 paola, m'manja, mu envelopu Lachisanu lililonse, popanda boma kulumako.

Masamu ake Wendell anawachitira pakauntala panga, kuseri kwa lisiti. Anapeza kuti kwa a Haskins ngongole idzatha m'zaka ziwiri, pamene kumzinda idzamukwawira zaka khumi. Atafunsa za khadi, a Haskins anamuyankha mosabisa kuti lamulo limawalola wophunzira mmodzi yekha, popeza wa laisensi pakampanipo anali iwo okha, ndipo malowo anali m'dzina la mkamwini wawo Dwight. Koma anati zimenezo n'zongosungira malo. Dwight akufunafuna ntchito ya mu ofesi kwina, akangoipeza adzasintha maina, ndipo maola onse a Wendell adzawasaina pamodzi tsiku limodzi. Anamaliza ndi kumusisita paphewa n'kumufunsa ngati anamvapo kuti Burl Haskins anabera munthu.

A Ostrander atamva, anachita kumuimbira foni. Anamuuza kuti maola sasainidwa chobwerera m'mbuyo, ndipo munthu wokupatsa ndalama zambiri chonchi usanadziwe n'komwe ntchito ndiye kuti pali china chimene akugula. Rhonda nayenso anamuchonderera kuti apite kumzinda, iye adzawonjezera masiku kuntchito kwake. Koma ngongole ikamuluma munthu, makutu amagontha. Wendell anati a Ostrander ndi munthu wa m'mabuku, ndipo iye sangamadzuke mbandakucha kukagwirira ntchito msonkho pamene ndalama zikumuitana pakhomo. Lolemba lotsatira anakwera pikapu ya a Haskins.

Dwight ameneyu tinkamudziwa tonse. Anakwatira mwana wamkazi yekhayo wa a Haskins, ndipo ntchito yake inali kuyankha foni mu ofesi, mapazi patebulo. Makwerero ankawaopa, kudenga ankati kumamuyambitsa chifuwa. Akamutuma kuno ankabwera ndi kapepala, ndipo ukamufunsa kuti waya akufunayo ndi wonenepa bwanji, ankatuluka panja kukaimbira apongozi ake. Sanali munthu woipa mtima ayi, ankapereka moni bwino. Kungoti manja ake anali osalala ngati a mwana wa sukulu.

Ntchito yonse inagwera Wendell, ndipo anaigwira ndi mtima wonse. M'chilimwe ankakwawa kudenga, m'thonje loyabwa lija lotchinga kutentha ndi kuzizira, kutentha kochita kuumitsa kukhosi. M'nyengo yachisanu ankalowa chafufumimba pansi pa nyumba za anthu, m'matope oundana, tochi ali kukamwa. Bokosi la magetsi limene walumikiza Wendell unkalidziwa ukangolitsegula, mawaya ali ndondondo ngati tsitsi lopesa. A Haskins, amene mawondo anali atayamba kuwavuta, anafika pomangokhala m'pikapu n'kumamvera wailesi, ndipo ntchito zinkabwera zochuluka kuposa kale.

Vuto linali limodzi. Nyumba ikatha kulumikizidwa, kumabwera woyendera ntchito wa boma kudzaona ngati zonse zili bwino, ndipo aliyense wogwira waya pamalopo amayenera kuonetsa khadi. Woyendera wathu anali a Vernon Pell, munthu wachilungamo amene anali atangosamukira kuno, osadziwa aliyense. Tsiku loyamba galimoto yawo itatulukira, a Haskins anasolola khadi la Dwight n'kulilowetsa m'thumba la malaya a Wendell. Makhadi amenewa alibe chithunzi, ali ndi dzina ndi nambala basi.

"Lero ndiwe Dwight, mphwanga," anatero a Haskins. "Mphindi khumi zokha, kenako ubwerera kukhala Wendell."

Wendell anazengereza pang'ono, koma a Pell anali atatsika kale m'galimoto. Anaonetsa khadilo. A Pell anatsegula bokosi, analiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti ntchito yaukhondo chonchi anali asanaionepo chibwerere kuno. Analemba nambala ya khadi m'buku lawo, n'kumugwira chanza akumutchula kuti Dwight. Kuyambira tsiku limenelo zinkachitika choncho nyumba iliyonse, ndipo khadi lija linasiya n'kubwerera komwe ku ofesi, linkangokhala m'chikwama cha Wendell.

Nkhaniyi itafika pakauntala inasanduka nthabwala. Wendell akalowa, anzake ankamulonjera kuti, "Wadzuka bwanji mkamwini?" Ena ankamufunsa ngati mkazi wake wachiwiri akudziwa kuti wakwatiwa, ena ankati apongozi amupatse cholowa msanga. Iye ankaseka nawo, n'kumayankha kuti ukamwini wake ndi wabwino chifukwa sagona kwa apongozi. Ndisaname, inenso ndinaseka. Palibe mmodzi wa ife amene anamukokera pambali n'kumufunsa kuti kodi maola amene a Pell akulemba m'buku aja akupita kwa ndani, ndipo zimenezi ndimachita nazo manyazi.

Za ngongole zinayenda bwino chaka choyamba chokha. Ndalama za mu envelopu zili ndi miyendo. Galimoto inafa injini, Junie anayamba kudwala mphumu, denga linayamba kudontha, ndipo mwezi wina Wendell analephera kulipira. Ataimbira a ngongole, anamufunsa ngati ali pantchito. Iye anaganiza mofulumira kuti m'mabuku a boma dzina lake mulibe paliponse, ndiye anayankha kuti ayi. Anamutumizira fomu ya anthu osowa ntchito, yowalola kuyamba aima kulipira. Anasaina, makalata oopseza analeka kubwera, ndipo anadzationetsa pakauntala ngati munthu wotola chikwama. Zoti chiwongoladzanja chikuswana mwakachetechete anaziponyera kunkhongo.

Chaka chotsatira fomu ija inabweranso, ndipo Rhonda anamupeza akusaina patebulo la kukhitchini.

"Bambo a Junie," anatero, "mukulemba ndi dzanja lanu kuti ndinu lova. Kunja uko mukuyenda ndi dzina la mwamuna wa mwini. Nanga tsiku lofuna laisensi mudzati amene wagwira ntchito zaka zonsezi ndi ndani?"

Wendell anapsa mtima. Anamuuza kuti nkhani za amisiri sangazimvetse, ndipo a Haskins ndi munthu wa mawu amodzi. Komabe funsolo linamulasa, moti m'mawa mwake anakafunsanso za kusintha maina. A Haskins anati Dwight watsala pang'ono kuipeza ntchito ija, adikire chaka chamawa. Anamuwonjezera dola imodzi paola, ndipo pa chikondwerero chothokoza cha mu Novembala anamupatsa nkhukundembo yaikulu yoti sinakwane mu uvuni. Chaka chinacho yankho linali lomwelo, nkhukundembo inalinso yomweyo kukula kwake. Fomu ya ulova anaisaina katatu.

Zinaululika m'chaka chachisanu, m'mawa wina wa Lachiwiri, pamaso pathu tonse. A Pell sankakonda kulowa m'sitolo mwathu, poopa kuti anthu angamati amadya ndi amisiri, koma tsikulo anabwera kudzagula mababu a kunyumba kwawo. Ataona Wendell pakauntala, nkhope yawo inawala. Anamugwira dzanja ndi manja awiri.

"Dwight, ndaona dzina lako pamndandanda wa amene apatsidwa laisensi mwezi uno," anatero. "Ambiri amangoitola, koma iwe waigwirira ntchito. Atandifunsa kuofesi ndinawauza kuti nyumba zako zonse ndinaziona ndi maso anga."

Amene anali ndi khofi kukamwa anameza mosamveka. Wendell anathokoza, inde anathokoza, chifukwa akanati chiyani? A Pell analipira mababu awo n'kutuluka akumwetulira. Wendell nayenso anatuluka osatenga mawaya amene anali atalipira kale.

Wendell anakawapeza a Haskins m'galaja akukonza mbedza zawo. Sanakane chilichonse. Miyezi itatu iliyonse ankasaina fomu ya maola m'dzina la Dwight, monga khadi linkanenera, ndipo maola atakwana 8,000 Dwight anakalemba mayeso. Analephera kawiri, kachitatu anakhoza, popeza nthawi yowerenga anali nayo yambiri mu ofesi muja. Buku limene ankawerengalo linali la Wendell, la kukoleji, limene Dwight anabwereka chaka chathacho ponena kuti akufuna kudziwako pang'ono zimene amayankha pafoni. A Haskins anati iwo akalamba, kampani iyenera kutsala m'manja mwa wa laisensi, ndipo mwana wawo wamkazi ayenera kudya. Wendell atawakumbutsa lonjezo lija, anapukusa mutu ngati akumumvera chisoni.

"Maola amenewo ndinasaina kale, mphwanga, sindingawasainenso kachiwiri. Ndikatero ine andilanda laisensi, Dwight amulanda, iwe akutengera kukhoti chifukwa choyenda ndi khadi la mwini. Ndipo usaiwale, ndakulipira bwino kuposa wina aliyense m'tauni muno. Unkaganiza kuti madola owonjezera aja anali a chiyani?"

Wendell sanagonje msanga. Anavala malaya ake a kutchalitchi n'kuyendetsa galimoto maola atatu kupita kulikulu, ku ofesi yopereka malaisensi. Anakumana ndi mayi wina wachikulire, wodekha, amene anamumvetsera bwino. Mayiyo anamufunsa khadi la dzina lake, analibe. Anamufunsa mapepala a malipiro, analibe, chifukwa envelopu silemba kanthu. Anamufunsa mapepala a msonkho osonyeza kuti ankalandira ndalama kukampaniyo, analibe. Anamufunsa ngati pali wa boma amene anamuonapo akugwira ntchito, ndipo Wendell atayamba kufotokoza za a Pell ndi khadi lija, mayiyo anaika cholembera pansi n'kumuuza motsitsa mawu kuti aime pomwepo, chifukwa zimene akunenazo akazilemba ndiye kuti wadziimba yekha mlandu.

Pomaliza anamufunsa ngati pali pepala lililonse la boma, lililonse, lokhala ndi dzina lake m'zaka zinayi zimenezo. Linalipo. Anali mafomu atatu a ngongole aja, osainidwa ndi dzanja lake, onena kuti Wendell Tackett sali pantchito.

Atabwerera kunyumba anatsegula makalata a ngongole amene ankangowaunjika mudilowa ya kabati. Madola 16,000 aja, ngakhale anabwezako chaka chathunthu, anali atadutsa 19,000. Rhonda sanamunyoze, sananene n'komwe kuti ndinakuuzani. Anangotenga foni n'kupempha kuntchito kwake kuti azigwiranso Loweruka ndi Lamlungu. Wendell anandiuza yekha kuti bwenzi zili bwino akanamutukwana.

Masabata otsatira anayendayenda. Kampani ya kumzinda ija inamuuza kuti ikhoza kumulemba, koma ngati wophunzira woyamba kumene, ndipo pamzere panali achinyamata makumi atatu a misana yabwino. Marisol anali atatenga kale laisensi yake, akuyenda pa galimoto yolembedwa dzina lake m'mbali, ndipo anamva chisoni kwambiri, koma malo ake a wophunzira anali ndi munthu kale. Tsiku lina a Ostrander analowa m'sitolo mwathu Wendell ali momwemo. Ndinamuona Wendell, bambo wamkulu wa imvi m'ndevu, akuzemba kukabisala kuseri kwa mashelefu a mapaipi mpaka nkhalamba ija itatuluka. Ndinapita kukhonde lakumbuyo kukapukuta maso.

Phewa lake lamanja linali litayamba kale kuvuta chifukwa cha zaka zogwira ntchito manja ali m'mwamba. Dokotala anamuuza kuti mnofu wa m'kati wang'ambika, ndipo akapitiriza ntchito ya kudenga, phewalo lingamupirire zaka ziwiri, zikachuluka zitatu. Opaleshoni inalipo, koma munthu wa envelopu alibe inshuwalansi.

Amene anamupatsa ntchito pomaliza ndi Dwight. A Haskins anapuma n'kupita kokawedza nsomba, kampani inatsala m'manja mwa mkamwini, ndipo malo a wophunzira aja anali opanda munthu tsopano. Dwight anapita yekha kunyumba kwa Wendell, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti iye zachinyengo sazifuna, zonse zikhala za m'mabuku: khadi la dzina la Wendell, madola 17 paola, msonkho kudulidwa, maola kuyamba kuwerengedwa pa ola loyamba. Wendell anapempha tsiku limodzi loti aganize. Panalibe choganiza. Mphumu ya Junie inkafuna mankhwala, ndipo m'tauni muno mulibe kampani ina ya magetsi yolemba anthu. Dzina lake litangolowa m'mabuku, a ngongole anamupeza mwezi womwewo, ndipo anayamba kudula gawo lawo.

Fomu yoyamba anaisainira pakauntala panga, miyezi itatu itatha. Dwight anabwereka cholembera changa, analemba maola 480, n'kusaina dzina lake mosamala, lilime lili panja. Amisiri onse anali pomwepo ndi makapu awo, koma panalibe amene anatchula za ukamwini. Wendell, wa zaka 42, anatenga pepalalo ndi dzanja lamanzere, chifukwa lamanja silinkakwezeka bwino m'mawa, analiwerenga, n'kulipinda. Iye ankadziwa, ine ndinkadziwa, kuti maola 7,520 otsalawo phewa lija silidzawafika.

Kenako Dwight anatulutsa kapepala ka zogula za tsikulo. Anali ndi ntchito yolumikiza chitofu chatsopano kunyumba ya mayi wina. Ndinamufunsa kuti akufuna waya wonenepa bwanji. Anayang'ana kapepalako, anayang'ana kudenga, kenako anapendekera kwa Wendell n'kumufunsa monong'ona, koma tonse tinamva.

"Nambala sikisi, bwana," anayankha Wendell.

Dwight anabwereza kwa ine mokweza kuti nambala sikisi, ngati kuti ine ndinali kutali. Ndinadula wayayo, Wendell anamunyamula paphewa lamanzere n'kupita naye kupikapu, Dwight akutsatira pambuyo ndi makiyi. Mpaka lero ndimawaona m'mawa uliwonse akudutsa, wa laisensi ali pachiwongolero, wodziwa ntchito ali pambali. Akuluakulu sananame pamene anati wopusa anaomba ng'oma, wochenjera navina.